Nsimbi Zambiri, Malaya Awiri

Vulani zipewa, amene muli ndi chifuwa mutsokomoleretu. Akulankhula pano ndi ine, Pulofesa wa pakhonde la golosale, munthu amene anasiyira sukulu kalasi yachisanu, osati chifukwa cholephera ayi, koma chifukwa aphunzitsi mafunso anawathera. Pa unyamata wanga ndinagulitsapo belu la njinga kwa munthu woyenda pansi, ndipo mawa lake anabweranso kudzafunsa pampu.

Makalata ndawayala apawa ndi anga, a mwana wanga wamwamuna amene timangomuti Telala, ndi a mlongo wake wamkulu, Nesi. Anga ndili nawo chifukwa ndimalemba ndi kaboni pansi. Mawu a munthu ngati ine sayenda opanda mboni. Foni ndili nayo, koma Telala pa foni amangopuma. Mawu ake amatuluka akagwira cholembera.

Telala ankasoka pakhonde la golosale ndi makina amene malemu amayi ake anamusiyira. Tsiku lina kunabwera Lilime, mwana wa neba wanga, pa galimoto ya kampani, atavala tayi yofiira ngati wadula nkhuku. Anati ku ntchito kwawo, kogulitsa nsimbi zamagetsi khomo ndi khomo, ndalama amachita kuzipondaponda kuti zikwane m'thumba. Ine ndinayang'ana galimotoyo, ndinayang'ana mwana wanga atawerama pa chigamba cha buluku la munthu, ndipo ndinati, “Nyamuka. Magazi a malonda ndi anga, iwe ndiwe mwana wanga, masamu ake ndi omwewo.” Iye anavundikira makina n'kupita ku tauni.

9 Febuluwale

Telala mwana wanga,

Moni, moni. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lakumanzere limene layambitsa chipani chotsutsa. Ndikati tiyeni kumsika, ilo likuti tikhale kaye pansi tikambirane.

Tsono tchera khutu ndikupatse maphunziro amene ena amalipira. Malonda ndi pakamwa, katundu amangoperekeza. Ukagogoda pakhomo usaime ngati wabwera kudzapepesa maliro. Akatsegula, yamba wayamikira chilichonse chimene diso lagwerapo. Mwana akhale ndi mutu ngati thumba la simenti, iwe unene kuti ameneyu ndi dokotala wa mawa. Akati sitikufuna, usachoke. Kwa wogulitsa, sitikufuna ndi moni chabe. Wamanyazi anafera kudzenje, ndipo pamaliro pake anthu sanadziwe n'komwe dzina lake, chifukwa anali asanaliuzepo munthu.

Bambo ake a Lilime aika mawindo aakulu moti akamayasamula mudzi wonse umaona zimene adya. Sindikuchita nsanje. Ndikungonena kuti nanenso ndili ndi khoma lofuna windo. Komanso iwe monga telala ukudziwa kuti thumba la buluku salisokera kukongoletsa. Anga onse awiri ali pa tchuthi.

Makina ali pakona pomwe unawasiya, ndi nsalu yake. Wagolosale akuti malo ako pakhonde akusungira. Ndamuuza kuti asadzivutitse, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Undiuze zonse. Wagulitsa zingati?

Ndine bambo ako,
Pulofesa

27 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira bondo lija lapepuka. Muzilikulunga ndi nsalu yofunda. Ine ndili bwino.

Ntchito yake ili motere. M'mawa timakumana m'chipinda chachitali chopanda mipando, akuti wogulitsa sakhala pansi. Timaimba, timawomba m'manja, kenaka Kapitawo wathu amawerenga maina pabolodi. Wogulitsa kwambiri dzina lake limakhala pamwamba. Pakhomo pali belu, ndipo ukagulitsa nsimbi umabwera kudzaliza, onse n'kukuwombera m'manja. Malipiro a pamwezi kulibe, timadya komishoni basi. Amene wakhala pansi pa bolodi miyezi iwiri yotsatizana amabweza chikwama cha kampani, ntchito n'kuthera pomwepo.

Lilime ndi wamphatso, simunaname. Ndinayenda naye sabata yoyamba. Mayi wina anatuluka kudzamukalipira kuti nsimbi ya chaka chatha inafa. Sindikudziwa kuti zinatembenuka pati, koma tinachoka mayiyo atagula ina, akuseka.

Ine ndinalowa m'nyumba ya agogo ena. Anandionetsa nsimbi yawo yakale, ndinaona kuti ndi waya chabe wamasuka. Ndinawamangira. Katani ya pawindo inali itasosoka m'munsi, ndipo singano ndinali nayo. Anandipatsa tiyi. Nditafotokoza ku ofesi, Kapitawo anati, “Kodi achimwene, takutumani kukagulitsa kapena kukachita za chifundo?” Anthu anaseka. Kolala ya malaya a Kapitawoyo inasokedwa mopotoka, ndiye akamandikalipira ndimangoyang'ana pamenepo.

Ndalama sindinapeze zoti n'kutumiza. Ndapatsira kondakitala wa basi nsimbi imodzi. Muisunge bwino.

Makina muziwathira mafuta Loweruka, pang'ono pansi pa singano ndi pa gudumu, n'kuwapalasa pang'ono kuti asaume.

Mwana wanu,
Telala

30 Epulo

Bwana Telala,

Moni wa ulemu, poti tsopano moni wamba sakukwananso. Nsimbi yachinayi yafika dzulo. Kondakitala wayamba kundivulira chipewa.

Mwana wanga, ine ndili ndi malaya awiri ndi soketi ya magetsi imodzi. Malaya amenewa asitidwa mpaka ayamba kuonekera mkati. Koma usasiye, ndamvetsa. Zimenezi ndi mphoto zimene kampani ikukupatsa, si choncho? Iwe ndi kusalankhula kwako sunganene, koma bambo ako amawerenga ndi zimene sizinalembedwe. Ndaziika pamzere pamwamba pa kabati, moyang'ana pakhomo, kuti wodutsa asavutike kusuzumira.

Bambo ake a Lilime anabwera ngati odzabwereka machesi. Anaziwerenga ndi maso n'kunena kuti, “Wanga sanabweretseko ngakhale imodzi.” Ine ndinati, “Pepani aneba, mphoto sapatsa aliyense. Ena amapatsidwa galimoto kuti azithamanga chifukwa akutsalira.” Anapita osatenga machesi.

Za tiyi wa agogo aja usabwerezenso. Munthu akakupatsa tiyi ndiye kuti wagonja kale, pamenepo ndi poti utulutse lisiti. Ndipo usamayang'ane kolala ya abwana, uziyang'ana mpando wawo.

Ndalama sizinafike, koma sindikudandaula. Ndikudziwa kuti anthu olemera amayamba aziunjika kaye kubanki kuti ziziswana. Zikaswa, ukumbukire kuti mwana woyamba amapita kwa agogo ake.

Bambo ako wonyadira,
Pulofesa

14 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndili bwino ndithu.

Mwezi wathawu belu ndinaliza katatu. Anthu anawomba m'manja. Dzina langa silili pansi penipeni.

Nsimbi zija musagawe kwa anthu, ndipo makatoni ake musataye. Ndasamukira chipinda china chaching'ono. Chikundikwana, katundu ndilibe wambiri.

Kodi wagolosale akusungabe malo aja? Kodi denga silikudontha pakona pali makina? Mayi aja a diresi lobiriwira anabwera kudzatenga? Lili m'thumba la pepala kuseri kwa chitseko, ndinamaliza.

Mwana wanu,
Telala

20 Juni

Kwa Woliza Belu Katatu,

Moni mwana wa bambo ake. Kalata yako ya mwezi watha ndinaiwerengera khonde lonse la golosale. Pa mawu akuti katatu ndinabwereza kasanu.

Koma ndaona kuti mtima wako ukadali pakona paja. Makina, makina, makina. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Munthu woliza belu sangabwerere kudzapalasa chitsulo ngati akuthawa galu pamalo amodzi. Ndiye ndakuchotsera katundu ameneyu pamutu, ndipo mvera mmene ndinachitira, uphunzirepo.

Lachisanu lole ina inafera kutsogolo kwa golosale. Mwini loleyo, bambo wamimba yaulemu, anakhala pabenchi kudikira makaniko. Ndinamuyang'ana n'kuti, “Akulu, mayi kunyumba amatani inu mukakhala pa msewu?”

Anati, “Amangokhala.”

Ndinati, “Mkazi wongokhala amawerenga masiku, ndipo mkazi wowerenga masiku amayamba mafunso. Mukufuna mafunso?”

Anati, “Sindikufuna makina, madala.”

Wamva? Ndinali ndisanatchule n'komwe makina, anangoona ulusi pa malaya angawa. Ndinadziwa kuti moni wayankhidwa. Ndinamutengera kunyumba, ndinavundukula nsalu, ndinapalasa. Paja unati ndizithira mafuta, ndiye ankalira ngati mphaka wokhuta. Anakana kawiri, kachitatu anagwira gudumu. Munthu akagwira katundu ndi wake kale. Atayamba kunyinyirika za mtengo ndinamuikira basera kachitini kaja ka mabatani ndi singano, n'kugwirana chanza. Tiyi wake anali asanazizire. Makaniko pomaliza lole, makina anali atamangidwa kale pamwamba pa matumba.

Malo a pakhonde ndauza wagolosale apatse mnyamata wogulitsa zikopa za mafoni.

Ndalamazo sindinadye. Ndagula jekete yakuda ndi nsapato, kuti tsiku udzatsike pa galimoto ya kampani usadzachite manyazi ndi bambo ako. Jeketeyo manja ake atalika pang'ono, koma ulemu umafunika kutalika.

Kunoko belu tilibe, ndiye ndinamenya nsimbi ndi supuni.

Bambo ako, amene sanaiwale ntchito,
Pulofesa

Kalata imeneyi inapita Lolemba. Lachitatu kondakitala anabwera akukanda m'mutu, atanyamula envelopu yothimbirira ndi mafuta. Anati basi yawo inakhala kugalaji, ndipo kalatayo anaiiwala m'thumba la ovolosi. Muone tsiku lake.

6 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino.

Ndalemba kalatayi kangapo n'kung'amba. Ndikubwera kumapeto kwa mwezi uno. Ndikubweza chikwama ndekha asanandilande.

Ntchitoyi si yoipa. Lilime ikumuyanja ndipo ndalama akuzipezadi, sabera munthu. Iye akamutsekera chitseko pamphuno amaseka, n'kugogoda chotsatira ngati palibe chachitika. Ine chitseko chimodzi chimandipweteka mpaka madzulo. Munthu akati alibe ndalama, ndimamukhulupirira. Ndikaima pakhomo ndimayesa kukumbukira mawu anu, koma m'kamwa mwanga amatuluka ngati malaya obwereka. Pakamwa panu sindinatengere, Bambo. Ndinatengera manja a amayi.

Muthire mafuta makina, ndipo muuze wagolosale kuti ndiyamba Lolemba loyamba la mwezi wa mawa. Mayunifolomu a sukulu ayandikira, ndikufuna ndiwapeze. Pano ndikamakwera basi phazi langa limapalasa lokha pansi.

Za nsimbi ndidzafotokoza ndikafika. Musakwiye. Ndinayesetsa kukhala ngati inu.

Mwana wanu,
Telala

2 Ogasiti

Telala,

Moni. Mwezi uja unatha, wina wathanso. Ndimakhala pa siteji ya basi mpaka kondakitala wayamba kundilipiritsa ya benchi. Foni yako ikungolira. Ndikudziwa kuti sulankhula, koma kale unkapumako.

Bondo likupereka moni. Likuti chipani chake chakula, bondo linali lalowanso.

Lemba ngakhale mzere umodzi.

Bambo ako

19 Ogasiti

Bambo,

Moni. Ine ndi ana tili bwino. Ndalama ya mankhwala a bondo ndapatsira kondakitala, musagulire chipewa.

Mwandiimbira kambirimbiri kufunsa za mlongo wanga. Pa foni simundipatsa mpata, ndiye ndalemba, kuti kamodzi kokha mumve mpaka kumapeto.

Ndinamupeza. Ndinayamba ndapita ku ofesi kwawo. Lilime anandilandira bwino, anandiuza zonse, kenaka anafuna kundigulitsa nsimbi. Zija mwaika pa kabati si mphoto. Ankagula yekha. Mwezi ukamatha dzina lake lili pansi, ankatenga ndalama zimene anasunga posoka, kulemba dzina la kasitomala wa m'mutu, kulipira, n'kukaliza belu. Kapitawo ankadziwa, koma anati yagulidwa yagulidwa, n'kuwomba nawo m'manja. Ndalama zitatha anagulitsa bedi. Ankatumiza kwa inu chifukwa m'kachipinda kake anzake akanaziona, komanso ankaganiza kuti tsiku lina adzazibweza m'makatoni ake. Ndinamufunsa chifukwa chake sanangosiya mwezi woyamba. Anati, “Bambo anali atauza kale anthu.”

Kalata yanu ya lole inamupeza atamanga kale chikwama chobwerera kwathu. Mayi mwini nyumba imene akuchita lendi akuti anaiwerenga ataima, n'kukhala pansi, n'kumasula chikwamacho. Kwa ine sananene zambiri. Anangofunsa kuti, “Achemwali, ndi kachitini komwe?” Mukudziwa inu kuti mabatani amenewo amayi ankawadula pa zovala zathu tikazikula. A yunifolomu yanga yoyamba analimo. Inu munaika basera.

Pano akugwira ntchito kuseri kwa malo ochapira zovala. Amasita. Tsiku lonse waima m'nthunzi ndi nsimbi, ndipo abwana ake akuti sanaonepo munthu wodziwa msoko ngati iyeyo. Akapeza batani lolendewera amalisokerera osauza munthu. Waonda, koma akudya. Ndinamuuza kuti tikhoza kusonkha n'kugula makina ena. Anati makina alipo ambiri m'masitolo, n'kupitiriza kusita.

Sanakunyozeni ngakhale liwu limodzi. Bola akanakunyozani.

Musamutumizire nthabwala, Bambo. Ino si nthawi yake.

Mwana wanu,
Nesi

1 Seputembala

Mwana wanga,

Moni. Mlongo wako wandiletsa nthabwala, ndiye kalatayi ikhala yaifupi, poti ukandichotsera zimenezo pamatsala munthu wochepa.

Ndinamufunafuna wa lole uja. Ndafunsa makaniko, ndafunsa pothira mafuta, ndaimitsa malole mpaka wina anafuna kundigunda. Aliyense akundifunsa dzina lake, kwawo, nambala ya lole. Sindikudziwa. Ndinakhala naye nthawi yonse ija, ndinamuuza za mkazi wake, za mimba yake, za tsogolo lake, koma sindinamufunse kuti ndinu yani. Ndazindikira kuti ndi iwenso ndinatero. Unandifunsa za denga, za khonde, za mafuta, kalata iliyonse. Ine ndinkangomva belu.

Pakona paja patsala mabowo anayi pamene miyendo ya makina inkaponda. Posesa ndinapeza batani limodzi loyera, laling'ono, la malaya a mwana. Sindikudziwa ngati ndi lako kapena la mlongo wako. Amayi ako akanadziwa. Ndaliika m'sosala.

Nsimbi ndazitsitsa pa kabati, zili m'makatoni. Awiri ndinali nditayatsira kale moto, undikhululukire pamenepanso. Wagolosale akuti khonde ndi lalitali, mnyamata wa mafoni akhoza kusendera.

Jekete sindinaivale. Manja ake amandimeza mpaka zala, ndipo sindikufuna telala wina aigwire.

Bwera udzandikalipire. Ngati mawu akuvuta, udzangondiyang'ana kolala.

Bambo ako

15 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Moni. Kodi chipani cha mabondo chatenga boma?

Kalata yanu ndalandira. Musamaimitsenso malole, mungatisiyire maliro a munthu wovala jekete yosakwana. Za makina zapita. Chitsulo ndi chitsulo, manja ndili nawo konkuno. Batanilo ndi langa, la malaya amene ndinabatizidwa nawo. Mulisunge.

Ndikubwera Loweruka. Jekete ndidzaipinda ndi singano ya pamanja. Nsimbi zija mudzagulitse ndinu, poti khonde lonse likudziwa kuti mukhoza kugulitsa ngakhale mthunzi wa mtengo wa eni. Tikapeza makina ena, inu muzidzakhala pabenchi kuitana anthu, ine ndizidzasoka. Pakamwa panu, manja a amayi. Masamu ake ndi amenewo.

Sindinakwiye, Bambo.

Mwana wanu,
Telala

Valani zipewa zanu, makalata athera pamenepa. Koma musanabalalike pali kanthu kamodzi.

Za belu la njinga ndi zoona, mboni zake zinangomwalira. Za lole, za kachitini, za Nesi ndi lilime lake lakuthwa ngati jakisoni, zonse ndi zoona. Koma amene mumawerenga ndi maso awiri mwaona kale kuti Telala salemba nthabwala, ndipo za masamu ndi zonena zanga. Kalata yomalizayo ndinalemba ndekha, ndi dzanja lamanzere kuti zilembo ziwongoke ngati zake. Ndinaimata, ndinapatsa kondakitala, n'kumupempha kuti apite nayo ulendo umodzi adzandipatse pobwera. Anatero, ndipo sanaseke. Anatsika basi n'kunena mokweza ngati kale, “Madala, kalata yanu.”

Ndinaiwerenga pabenchi pomwepo. Ndagulitsa zinthu zambiri kwa anthu osazifuna, koma kasitomala uyu, ine mwini, anandikanika.

Loweruka ndimapitabe ku siteji. Jekete ndimainyamula pamkono, manja ake akadali aatali.